Msewu Wopanda Pothawira Apongozi

Bwera nayo kuno telefoniyo, Selina, ndione ndekha. Kulitsa pang'ono ndi zala zako zija, maso angawa anatha ndi utsi wa pamafuwa. Ndiye ameneyu ndiye Brazilya? Zaka zonsezi dzina lake linkatchulidwa m'nyumba mwanga m'mawa ndi madzulo ngati la mkazi mnzanga, ine n'kumangomudziwira pa kafoto kamodzi kosuluka. Ndi wokongola ndithu, sindikana. Koma anthu ake ali kuti?

Khalani pansi ana inu, ndipo manja asaleke kusankha nyembazo, makutu safuna zala. Iwe Manuweli wakhala ukundivutitsa ndi mafunso awiri: chifukwa chiyani msewu waukulu wodutsa pachigayo uja anthu amautcha Brazilya, ndipo chifukwa chiyani nyumba yathu ino ili kutsidya kuno kwa mtsinje, khomo lake litafulatira mudzi ngati tinaba mbuzi ya munthu. Yankho lake ndi limodzi. Ndi agogo anu aamuna, malemu a Ngozo, amene anatsala pang'ono kuthamangitsidwa pamudzi pano, kundisiya ine ndi ana, chifukwa cha likulu la dziko la eni ake limene sanalipondemo n'kamodzi komwe.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, mbali ya ku Dedza, monga anachitira aliyense wa kuno amene anali ndi miyendo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kudya ufa wachikasu, umene inu mukanaukana n'kulirira mpunga, ndiponso kuima pamzere ndi beseni m'manja. Amuna analibe chochita. Munthu wozolowera khasu ndi ng'ombe akakhala manja lende amayamba mowa kapena nzeru, ndipo pa ziwirizi sindidziwa choopsa kwambiri. A Ngozo anasankha nzeru.

Kumsasa kwathu kunabwera m'bale wina wa kumishoni wochokera ku Brazil, a Irimau Sebasitiyau. Anali aafupi, a manja okhakhala, ndipo Chipwitikizi chawo chinkamveka ngati akuimba. Iwo anasonkhanitsa amuna n'kuwaphunzitsa kuumba njerwa pa chikombole, kuziwotcha, ndi kumanga khoma loongoka ndi chingwe ndi nivelo, kathabwa kaja kokhala ndi kadontho ka madzi m'kati. Popuma ankawasimbira za unyamata wawo, ndipo apa ndi pamene mavuto anga anayambira. Nkhaniyo ndimaidziwa ngati pemphero la m'mawa, chifukwa a Ngozo ankaibwereza mpaka ana ankaimaliza okha.

Likulu la dziko la Brazil kale linali kunyanja, kumphepete kwenikweni, monga alili Maputo kwa ife: kutali, kotentha, anthu ake osadziwa ngati kumtunda kuli anzawo. Ndiye perezidenti wawo wina anati mutu wa dziko ukhale pakati pa dziko. Anasankha dera lokwera ngati lathu lino, la dothi lofiira, la zulu ndi mitengo yopinimbira, kumene kunalibe mzinda. Anthu ophunzira anayamba aujambula mzindawo papepala usanakhalepo. Kenako anakalemba pansi misewu iwiri yopingasana ngati mtanda, n'kupinda umodziwo pang'ono, kuti munthu akauona mzindawo ali kumwamba uzioneka ngati ndege. Ine ndinafunsa kuti amakhala kumwamba ndani woti aziuona.

A Irimau anali mnyamata nthawi imeneyo, wochokera kudera la chilala. Anakwera kamiyau, chigalimoto cha katundu chija, pamodzi ndi anzawo ambirimbiri kupita kukasenza simenti. Ankagwira ntchito osapuma, fumbi lofiira lili m'mano. Anatseka mtsinje kuti pakhale nyanja, paja likulu lopanda nyanja likanachita manyazi kwa lakale lija. Zisanakwane zaka zinayi, boma linasamuka ndi mipando yake yomwe. Mumzindamo chilichonse chinali ndi mbali yake: nyumba za boma uku, zogona uku, maloja ogulitsa katundu uku, zipatala uko. Misewu inali yotakata, yosakumana pamphambano koma wina kudutsa pamwamba pa unzake, ndipo nyumba sinkadziwika ndi dzina la mwini wake koma ndi numeru. Pa kafoto kamene a Irimau anawapatsa a Ngozo panali nyumba ya malamulo, iyi mukuionayi, ya mbale ziwiri padenga, ina yovundikira ina yogadama. Ine ndinati anawajambula ali pakati potsuka mbale.

“Nanga mbuzi amamanga kuti?” ndinafunsa tsiku lina.

“Nachisale,” anatero a Ngozo, “vuto lanu inu simuona patali.”

Zinali zoona. Ine ndinkaona pafupi, pamene panali ana ndi mphika umodzi.

Mtendere utabwera tinabwerera kuno wapansi, katundu pamutu, nkhuku m'khwapa. Inu mukakwera njinga yamoto kupita ku Domwe mumabwerako mukulira msana; ife tinayenda ulendo wonsewo ndi chimanga chokazinga chomangidwa kunsonga ya nsalu, ndipo wodandaula panalibe chifukwa tinkapita kwathu. Mudzi tinaupeza utatha. Panatsala mafuwa, mitengo ya mapichesi, ndi udzu wofika m'khosi. Ife akazi tinakhala pansi n'kulira. A Ngozo anakwera pachulu, n'kuyang'ana uku ndi uku, nkhope ili ngwee.

“Ndendende mmene ankanenera a Irimau,” anatero. “Palibe kanthu.”

Munthu mmodzi yekha anakondwa kupeza mudzi utapsa, ndipo anali mwamuna wanga.

Tsono kuti mumvetse, ndiyambe ndakuuzani mmene mudzi wakale unalili. Njira zake zinali zokhotakhota. Ukachoka kwa amayi kupita kuchitsime unkazungulira nkhokwe, kupinda pa khola, kudutsa kuseri kwa nthochi, ndipo khomo la nyumba iliyonse linkayang'ana kwake. Mlendo akanati anthu ake anamanga ataledzera. Koma chifukwa chinalipo, kungoti sichinkanenedwa, monga munthu safotokoza chifukwa chake amavala. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakumana maso ndi maso. Sankadyera pamodzi, sankapatsana chanza, ndipo akaonerana patali panjira, mmodzi ankapatukira kuseri kwa chitsamba n'kunyonyomala atayang'ana kumbali mpaka winayo adutse. Sichinali chidani, unali ulemu. Ndikuona mukuseka, inu a masiku ano amene mumakweza apongozi pa njinga yamoto iwo atakugwirani m'chiuno. Sekani. Koma dziwani kuti nthochi iliyonse ya pamphambano inali ndi ntchito ina kupatula kubereka nthochi.

A Ngozo anali mkamwini pano. Kwawo ku Lifidzi akanapereka ng'ombe n'kunditenga chitengwa, koma ng'ombezo zinapita ndi ankhondo, ndiye iwo ndiwo anabwera kwathu. Ntchito za mkamwini ndi zitatu: kulima, kubereka, ndi kukhala chete. Ziwiri zoyambazo ankazitha bwino.

Mwini mbumba yathu anali malume anga a Tomasi, mlongo wawo wa amayi, munthu wofatsa amene sankadziwa kukana aliyense womutamanda. A Ngozo anawajambulira mudzi watsopano pansi ndi kamtengo, n'kuloza kumutu kwenikweni. “Apa padzakhala nyumba numeru yoyamba, ya njerwa zowotcha. Yanu, a malume.” A Tomasi anayang'ana dothilo nthawi yaitali, kenako anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nkhani inathera pomwepo.

Amayi anga, a Nabanda, anali mtundu wina. Tsiku limene chingwe chinafika pa pichesi wawo anandiitana. Iwo anali m'chisakasa, a Ngozo ali panja kuseri kwa udzu womwewo, moti ankamverana ngakhale kupuma. Koma mawu ankayenera kudzera mwa ine.

“Kawauze amuna akowo kuti pichesi ameneyo ndinabzala ndili ndi mimba yako. Nkhondo yamusiya.”

“Kawauzeni amayi kuti pichesiyo ali pakati pa avenida, msewu waukulu.”

“Kawafunse, avenidayo sangapinde?”

“Kawauzeni kuti avenida sapinda. Akapinda ndiye kuti ndi njira wamba.”

“Kawauze kuti ndamva.”

Amayi akati ndamva, kunali bwino kusamukiratu. Pichesi anagwa.

Chilimwe chonsecho mudzi unali pa chingwe. Amuna kuumba njerwa, ife akazi kutunga madzi mpaka makosi kuuma, chifukwa pa kafoto kaja sanajambule amene ankatunga madzi. Msewu unatuluka wotakata moti ngolo zinayi zikanayenda mogundana, pamudzi pamene panalibe ngolo ngakhale imodzi. Anazula chitsamba chilichonse, n'kukumba ngalande zakuya mbali zonse ziwiri. Nyumba zinaima mizere iwiri, makomo onse kuyang'ana kumsewu, lililonse ndi numeru yake yolembedwa ndi laimu. Nkhokwe anaziika mbali yazokha kumapeto kwa mudzi, makola mbali ina, ndipo makoswe ndi afisi anathokoza kwambiri dongosolo limeneli. Anthu ankachokera ku Domwe kudzaona. Wina wa boma anafika pa njinga n'kunena kuti mudzi uno ndi chitsanzo. Dzina la Brazilya linayamba ngati chipongwe cha akamwini anzawo, koma a Ngozo analilandira ndi manja awiri.

Walira mvula walira matope. Titangolowa m'nyumbazo zinayamba. Mkamwini akatsegula chitseko m'mawa, khasu paphewa, ankaona apongozi ake ali pakhomo pawo, ngakhale atakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere. Iye ankabwerera m'nyumba. Apongozi nawo amuona, abwerera m'nyumba. Onse awiri ankadikira kuti mnzake ayambe wadutsa, dzuwa likukwera, madzi osatungidwa, munda osalimidwa. Panali mkamwini wina, a Juliyasi, amene apongozi awo ankakonda kupetera pakhomo. Bambo ameneyo, wandevu zake, anazolowera kutulukira pazenera. Pasanapite nthawi akazi anayamba kuboola makoma atsopanowo kumbuyo n'kuikapo zitseko za bango, ndipo kuseri kwa nyumba kunabadwa tinjira tokhotakhota ngati takale. Avenida anatsala wa mbuzi, nkhuku ndi kamvulumvulu.

“Ndi mmenenso zilili kumeneko,” anatero a Ngozo. “Msewu waukulu si wa miyendo, ndi wa magalimoto.”

“Chabwino,” ndinatero ine, “tidikire magalimotowo.”

Dzinja litafika, madzi a m'madenga anathira kuseri, ndipo tinjira tija tinasanduka phala. Ine ndinali kumunda tsiku limene ngozi inachitika, koma nkhaniyi ndinaimva kwa anthu ambiri moti ndimaiona ngati ndinalipo. Anali masana, kukuwaza kamvula. Amayi anasenza dengu la mbewu ya kachewere n'kunena mumtima kuti lero ndidutse pamsewu wa amisalawu, palibe wondiona. Nsalu anaifunda kumutu mpaka m'maso. A Ngozo nawo ankachokera kumtunda akukankha njinga, atamangirirapo chitseko choimirira chimene chinkawatchinga kumaso. Msewu wotakata chonchija, anthu awiri okha, koma anakumana pakati penipeni, mphuno ndi mphuno.

Thupi limakumbukira mwambo mutu usanaganize. Amayi anachita chimene anachita moyo wawo wonse: anabwerera cham'mbuyo kufuna nthochi yoti abisalepo. Nthochi panalibe. Panali ngalande. Anagweramo, dengu pamwamba, ndipo mwendo unathyoka pansi pa bondo.

A Ngozo nawo anayamba ndi mwambo. Anataya njinga, anafulatira, n'kumaitana anthu atayang'ana kuphiri. Koma pamudzi panali nkhalamba ndi makanda okha, ndipo madzi ofiira a m'ngalandemo ankathamanga, akuwafika amayi m'chifuwa. Ngalande yawo inali yokumbidwa bwino, imeneyo palibe anatsutsa. Ndiye anatembenuka, analowamo, n'kuwanyamula m'manja.

“Ndisiyeni,” anatero amayi, ndipo amenewa anali mawu oyamba kuwalankhula popanda ine pakati. “Ndisiyeni ndife ndi ulemu wanga.”

“Mukafere kunyumba kwanu, amayi. Muno ndi m'ngalande.”

Anayenda nawo msewuwo nkhope atapotolera kumbali, kudutsa makomo onse amene iwo eni anawayang'anitsa kumsewu. Pakhomo lililonse panali nkhalamba yousa mvula. Tsiku limenelo mzinda wawo unagwira ntchito yake bwino: panalibe amene sanaone. Dzuwa litapendeka kunabwera galimoto ya kumishoni kudzawatenga amayi kupita nawo kuchipatala cha m'tauni, ku vila, ndipo imeneyo ndiyo inali galimoto yoyamba kuponda avenida. Tinaidikira, inabwera.

Amayi atabwerako ndi chikhakha kumwendo, mbumba inakhala pansi. Mukuganiza kuti mlandu unali wa ngalande, kapena wa mwendo? Ayi, mwendo umapola. Mlandu unali wa manja. Amayi anga aang'ono anati chibadwire sanamvepo za mkamwini wofungatira apongozi ake mudzi wonse ukuona, ndipo zikangosiyidwa, mawa akamwini adzayamba kupisa nawo m'mbale imodzi. Akamwini anzawo, amene anali atatopa ndi mazenera, sanawaikire kumbuyo. A malume a Tomasi, atakhala pakhonde la nyumba numeru yoyamba, anaweruza moyang'ana pansi kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe, a Ngozo atenge khasu lawo ndi chingwe chawo abwerere ku Lifidzi. Ana ndi a mbumba, atsale.

Apa sindiseka, ana inu. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale pothawa nkhondo, chifukwa pothawa nkhondo tinali tonse. Iwe Selina, amayi ako anali asanayambe kuphunzira ku shikola. Iwe Manuweli, bambo ako anali kumsana. Nditsate mwamuna, ndisiye ana. Nditsale ndi ana, mwamuna apite. Ndipo munthuyo ndinkawakonda, ndi misala yawo yomwe. Ndinawakwiyira iwo chifukwa cha msewu, ndinakwiyira amayi chifukwa chokhala chete, ndipo chimanga chaka chimenecho chinkacha mofulumira ngati chikuchita dala.

Masika atafika, anzathu onse anayamba kukolola, ife munda wathu uli chiimire. Tinkapita m'mawa, kuthyola ziwiri zitatu, n'kukhala pamzere.

“Chidakali chachiwisi,” ankatero a Ngozo, akufinya chitsononkho chouma gwa.

“Chachiwisi kwambiri,” ndinkavomera ine.

M'banja mwathu ndi nthawi yokhayo imene tinaona chinthu mofanana.

Chiswe chitayamba kutithandiza kukolola, a Irimau anatulukira pa njinga. Iwo anali atasamukira mbali ya ku Fonte Boa, kumene ankakonza madenga, ndipo anamva kuti wophunzira wawo wamanga Brazilya. Anaima kumutu kwa msewu, anayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Atamva za chiweruzo analeka kuseka. Tinawayalira mphasa pakhonde la a malume, ndipo ine pobweretsa madzi akumwa ndinagwada n'kufunsa funso limene linkandiyabwa kuyambira ku Dedza.

“A Irimau, nanga inu nyumba yanu ku Brazilya inali numeru chiyani?”

“Ine, mayi? Sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi.”

Anafotokoza ndi Chinyanja chawo chotsimphina. Papepala lija, anatero, panali malo a perezidenti, a nduna, a alembi, a maluwa ndi a magalimoto, koma malo a anthu osenza simenti panalibe. Ojambulawo ankaganiza kuti omanga akamaliza adzabwerera kwawo ku chilala. Omangawo anakana, anakhalabe m'tizisakasa ta matabwa m'mbali mwa mzinda. Ndiye boma linawakweza pa makamiyau n'kukawatula kutali, kunja, kumene anayambitsa midzi yawo. M'mawa ankakwera mabasi, machimbombo aja, kulowa mumzinda kukasesa, kuphika ndi kumanga, madzulo n'kutuluka. Ndipo midzi ya kunjayo inakula mpaka anthu ake anachuluka kuposa a m'ndege muja.

“Izi simunatiuze,” anatero a Ngozo, mawu ali pansi.

“Simunafunse. Inu munkangofunsa kuti msewu ndi wotakata bwanji.”

Safunsa anadya phula. Ine ndinali ndidakali chogwada. Mkazi sankalankhula pakati pa amuna asanafunsidwe, koma chimanga chinali chitauma. Ndinati, “A malume, mwamva nokha. Kwa eni ake, womanga mzinda samubweza kwawo, amangomukankhira kunja. Msewu tinatengera kumeneko. Titengerenso mwambo wake.” A Tomasi anakanda mutu. Nyumba yawo yophikira inali isanathe, ndipo mmisiri wina panalibe. Anati mawu otsiriza ndi a mwini mwendo.

Tinapita kwa amayi, a Ngozo n'kukhala kuseri kwa khoma monga mwa masiku onse. Amayi anamvetsera zonse akusisita chikhakha.

“Kawauze kuti kutsidya kwa mtsinje kuli nthochi zanga. Akamange kumeneko. Khomo liyang'ane kuphiri.”

“Kawauzeni amayi kuti ndathokoza.”

“Sindinathe. Njira yopita kumeneko asaiyeze ndi chingwe.”

Sanati akhululukidwa, sanatinso alakwa. Kwa mudzi wonse a Ngozo anakhalabe munthu wa manja uja, wosiyidwa mwa chisoni, amene tsiku lililonse akanauzidwa kuti nyamukani. Paukwati ankawakhazika kumapeto, pamaliro ankawatuma nkhuni. Zinkawapweteka, ndipo ine zinkandipweteka kuposa iwo, chifukwa ndinkamva zimene akazi ankanena kuchitsime. M'mawa ankawoloka mtsinje ndi nivelo yawo kukamanga mumzinda wawo, madzulo n'kutuluka, ndendende anzawo a ku Brazil, kungoti machimbombo analibe. Kenako mabanja atsopano anayamba kumanga kuno pafupi nafe, aliyense khomo kwake, nthochi pamphambano, mpaka lero mukuona nokha kuti kutsidya kuno kuli nyumba zambiri kuposa ku Brazilya. Selina akuti kwa eni ake kuli sitima tsopano yonyamula a kunja aja kulowa mumzinda. Ife tidakali ndi miyala yathu yowolokera.

Taima, Selina, usachotse. Kulitsa apa, pa udzu waukulu uwu wa pakati pa misewu. Timizere tofiira iti, tokhota, todula udzu mopingasa, n'chiyani? Palibe anatiyeza timeneti. Ndi mapazi a anthu. Ndimadziwa ine. Kumenekonso alipo amene akuthawa apongozi.

Njira yathu ija, imene mumadandaula kuti imazungulira kwambiri mukamapita kuchigayo, anaiponda ndi amayi, ndi ndodo yawo, akutsimphina kudzaona adzukulu. Ankafika n'kukhala kuseri kwa nyumba yophikira, a Ngozo ali mbali inayo akusema mpini, ndipo ankacheza mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikunyamula mawu amene onse awiri awamva kale. Ankatsutsana za mvula, za mbewu, za maina a ana. Za ngalande sanazitchule n'kamodzi komwe. Zaka zinapita choncho. A Irimau anabwerera kwawo, laimu wa manumeru anakokoloka, ndipo a Ngozo anachita imvi adakali mlendo pamudzi umene njerwa zake zinadutsa m'manja mwawo.

Matenda otsiriza anawapezera amayi kuno kwathu, chifukwa ine ndiye ndinkawadwazika. Atafooka kwambiri tinaitana galimoto, koma galimoto siwoloka mtsinje wathu. Inaima pamsewu, pafupi ndi powolokera. Unali m'mawa wa Lamulungu, anthu ali pamakomo kukonzekera kutchalitchi. Anyamata anabwera ndi machira, a malume a Tomasi ali pambuyo ndi ndodo, nawonso atakalamba. Amayi anayang'ana machirawo n'kupukusa mutu. Ine ndinasendera kuti ndinyamule mawu, koma sanandiyang'ane. Analankhula molunjika kukhoma.

“A Ngozo, lowani. Mundinyamule ndinu. Kulemera kwanga mumakudziwa kale.”

“Achemwali,” anatero a Tomasi, “nanga mwambo?”

“Mwambo ndi umene unandithyola mwendo. Awa anangondivuula. Ndipo kamuuzeni wa galimotoyo akaime kumutu kwa msewu, kuja kwa nyumba yanu.”

“Kumeneko ndi kutali, achemwali.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndanena.”

A Ngozo anawanyamula. Anatsika nawo njira yokhotakhota ija, anawoloka mtsinje, n'kulowa mu avenida, ine ndili pambuyo ndi kaphukusi ka zovala. Nkhope anali atapotolera kumbali monga tsiku lija.

“Yang'anani kutsogolo, mwana wanga,” anatero amayi mokweza, kuti makomo amve. “Mungandigwetsenso m'ngalande.”

Anayenda msewu wonse, khomo ndi khomo, ndipo panalibe amene sanaone. Amayi aang'ono aja anali pomwepo, mipango ya kutchalitchi ili kumutu, ndipo mlandu wa manja palibe anaudzutsa. Galimoto itapita, a Ngozo anatsala ataima pakati pa msewu wawo, manja adakali otambasula pang'ono. Ndinawafunsa ngati atopa. Anapukusa mutu, misozi ikutsika.

“Apepuka, Nachisale,” anatero. “Apepuka kwambiri.”

Amayi sanabwereko amoyo ku vila. Pamaliro awo palibe anawatuma nkhuni agogo anu. A malume a Tomasi anawagwira dzanja n'kukawakhazika pamphasa ya ana a malemu.